LIMBE, MUDZI WOBADWA NDI NJANJI

Ambiri a inu munafikako ku Limbe. Wina anapitako kukagulitsa nyemba ndi nandolo, wina kukagula nsalu ya ukwati, wina anangopitirirapo pa galimoto pa ulendo wache wa ku Thyolo, ku Mulanje kapena ku Zomba. Ndipo mukamfunsa munthu wotere kuti, Kodi munaona chiani ku Limbe? iye adzayankha kuti, Ndinaona khamu la anthu, ndi pfumbi, ndi phokoso. Mau amenewa ngoona ndithu, koma sakwanira. Pakuti kuseri kwa masitolo ndi misika ziriko nyumba zakale zimene zisunga mbiri ya makolo athu, ndipo ife tizipitirira monga munthu apitirira chulu m'mbali mwa njira.

Tsiku lina la mwezi wa June ndinayenda m'mudzimo pamodzi ndi mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa zaka 12. Kunali chiperoni, ndipo nkhungu inaphimba mutu wa phiri la Mpingwe ndi la Bangwe. Titafika ku siteshoni tinaima pafupi ndi kainjini kakale kamene eni njanji anakasunga kuti kakhale chikumbutso. Dzina lache Thistle. Mnyamatayo anakayang'ana uku ndi uku, nati, "Atsibweni, kodi kasitima aka anapangira ana a Azungu kuti azisewera nako?" Ine ndinaseka, koma mumtima ndinagwidwa ndi manyazi. Pakuti atate a agogo anga aakazi anali mmodzi wa iwo amene anakumba njira ya njanji imeneyi ndi khasu, ndipo ine sindinamuuze mwanayo kanthu za iwo ai. Chifukwa chache ndalemba mau awa, kuti zimene ndinamfotokozera iye tsiku lija zifikenso m'nyumba zanu.

MASIKU A MTENGATENGA

Kale pamalo pano panalibe mudzi waukulu. Panali kamtsinje kochedwa Limbe, ndi minda, ndi midzi ing'onoing'ono ya Amang'anja ndi Ayao m'tsinde mwa mapiri. Mudzi wa Azungu unali ku Blantyre, mailosi ngati 5 kuchokera pano, kumene a Mishoni ya ku Scotland anakhazikika m'chaka cha 1876, ndi kumene a Mandala anamanga nyumba yao yosanja m'chaka cha 1882.

Patapita zaka, katundu wochokera kunja anali kulowa pa doko la Chinde, pamene Zambezi athira m'nyanja yamchere. Kuchokera kumeneko sitima za pamadzi zinali kukwera Zambezi ndi Shire kufikira ku Chiromo, kapena kwa Katunga kufupi ndi Chikwawa ngati madzi achuluka. Pamenepo ulendo wa pamadzi unatha, ndipo zonse zotsala zinali pa mitu ya anthu. Nsalu, mchere, malata, misomali, mabelu a matchalitchi, zonsezi zinakwera mapiri pa mitu ya amtengatenga. Ndipo potsika iwo anasenza khofi, thonje ndi fodya. Mzungu wosafuna kuyenda pansi ananyamulidwa m'machila. Nchito imeneyi inadya amuna zikwi zambiri chaka ndi chaka, ndipo minda ya kumudzi inatsala m'manja mwa akazi ndi nkhalamba.

Ansembe athu oyamba a chigawo chino analowa m'dziko pa njira yomweyo. Abambo atatu a chipani cha Montfort Woyera, ndiwo Bambo Bourget, Bambo Prézeau ndi Bambo Winnen, anafika m'chaka cha 1901, njanji isanaoneke, napitirira kukayamba mishoni ku Nzama pakati pa Angoni. M'chaka cha 1903 inatsegulidwa mishoni ya Nguludi, kum'mawa kwa Limbe.

KUKUMBA NJIRA

Azungu a minda anadandaula kuti amtengatenga sakwanira, ndi kuti mbeu zao zichedwa kufika ku nyanja. Tsono kampani yochedwa Shire Highlands Railway inapangana ndi Boma, niyamba nchito m'chaka cha 1903. Poyamba anaganiza kuti njanji iyambire ku Chiromo. Koma m'zaka zimenezo madzi a Shire anaphwa kwambiri, kotero kuti sitima zinali kutsakamira pa mchenga zisanafike kumeneko. Chomwecho anatalikitsa njira kufikira ku Port Herald, kumene lero tikuti Nsanje. Kuchokera ku Port Herald kufika ku Blantyre njanji inatalika mailosi 113, ndipo sitima yoyamba inalowa m'Blantyre m'chaka cha 1908.

Taganizani za kulemera kwa nchitoyo. Port Herald ali m'chigwa chotentha, pamwamba pang'ono pokha pa nyanja yamchere. Koma Limbe ali pamtunda wopitirira mapazi 3,500. Njanji inaoloka Shire pa Chiromo, nitsata mtsinje wa Ruo ndi wa Tuchila, nikhotakhota m'mapiri kudzera ku Sandama ndi ku Luchenza kufikira itatulukira pano. Makina okumbira monga tiwaona lero kunalibe. Anthu anagumula mapiri ndi makasu ndi mapiki, nasenza dothi m'madengu, naphwanya miyala ndi nyundo, dzuwa liri pamutu ndi malungo ali m'thupi.

Kodi anthuwo anapitiranji ku nchito yowawa chotere? Ambiri anapita chifukwa cha msonkho. Lamulo la masiku amenewo linati, munthu wogwira nchito kwa Mzungu mwezi umodzi apereke mashilingi 3, koma wokhala kumudzi apereke mashilingi 6. Enanso anali Alomwe amene anaoloka malire kuthawa nkhanza za ulamuliro wa Apwitikizi, nafika kuno opanda munda, opanda mbale. Agogo anga ankanena kuti atate ao anabwerako ku njanji ndi zinthu ziwiri zokha, nsalu imodzi ndi chiphaso cha msonkho, ndiponso chifuwa chimene sichinawaleke kufikira imfa yao. Maina a makampani ndi a akuluakulu ao analembedwa m'mabuku. Maina a okumbawo anatsala m'mitima ya ana ao, ndipo anawo atatha, ambiri a mainawo anapita nao kumanda.

SITESHONI NDI NYUMBA ZA NCHITO

Eni njanji anaona kuti pa Limbe pali malo otakasuka, madzi ndi mphepo yozizira, naikapo likulu lao. Anamanga siteshoni, maofesi, nyumba zosungiramo katundu, ndi nyumba zazikulu zokonzeramo mainjini ndi ngolo. Kainjini kaja Thistle ndi kanzache Shamrock ndito tinayamba nchito pa njanji imeneyi. Tinapangidwa ku England ndi kampani ya Bagnall, ndipo Shamrock anakasunga ku nyumba ya zinthu zakale ku Chichiri. Mainjini oyambawo anali kudya nkhuni, pambuyo pache malasha, kufikira anadza a dizilo amene tiwadziwa ife.

M'nyumba za nchito zimenezi ana ambiri a dziko lino anaphunzira kusula chitsulo, kupala matabwa, kukonza makina ndi kulemba m'kaundula. Kunabweranso Amwenye, ena a nchito ya ukalaliki ndi ya umisiri pa njanji, ena a malonda. Pozungulira siteshoni panaphuka nyumba, ndipo m'chaka cha 1909 Limbe anawerengedwa mudzi wa paokha. Anakhala chomwecho, kamudzi kakang'ono ka njanji kokhala ndi bwalo lachelache, kufikira chaka cha 1956, pamene anamphatikiza ndi Blantyre.

Njanji yomwe inakula pang'onopang'ono. M'chaka cha 1915 inafika ku Chindio, m'mbali mwa Zambezi. M'chaka cha 1922 inatsegulidwa njanji ina yochokera ku Beira kufika tsidya lina la mtsinjewo, ndipo anthu ndi katundu anali kuoloka pa sitima ya pamadzi. M'chaka cha 1935 unatha mlatho waukulu wa Dona Ana pakati pa Sena ndi Mutarara, wotalika kupitirira mailosi 2, umene unaposa milatho yonse ya njanji m'Afrika pa nthawi imeneyo. Ndipo chaka chomwecho njanji ya kumpoto inafika ku Salima kudzera ku Balaka ndi ku Chipoka. Kuyambira pamenepo munthu anakhoza kukwera pa Limbe ndi kutsika pa Beira. Ngakhale sitima ya Ilala, imene inayamba kuyenda pa nyanja yathu m'chaka cha 1951, inadzera pano iri zidutswazidutswa m'ngolo, pa ulendo wache wochokera ku Scotland. Koma tisaiwale kuti Boma la Nyasaland linasenza ngongole yolemera chifukwa cha njanji za ku Zambezi, ndipo ndalama zambiri za msonkho zimene zikadamanga masukulu ndi zipatala zinathera kumeneko.

Ndinamuonetsa mnyamata uja pokwerera sitima, ndinati, Mwanawe, pamalo pano panagwa misozi yambiri. Pano amuna anatsazika akazi ao popita ku nchito ku Salisbury ndi ku Joni, nalonjeza kubwerako zikatha zaka ziwiri. Ena anabweradi ndi njinga ndi makina osokera. Ena sanabwerenso, nasanduka machona, ndipo ana ao anakula osadziwa nkhope ya atate ao. Inu amai a m'midzi mudziwa bwino kuti bala limeneli silinapole, pakuti ana athu akali kupita ku Joni, ngakhale tsopano akwera basi.

NYUMBA ZA FODYA

Pochoka ku siteshoni tinayenda kumene kuli nyumba zazitali za fodya. M'chaka chomwe chija cha 1908 kampani ya Imperial Tobacco ya ku Britain inamanga fakitale yache pa Limbe, pofuna kukhala pafupi ndi njanji. M'menemo fodya anali kusankhidwa, kuumitsidwa bwino ndi kutsenderedwa m'migolo yaikulu ya matabwa. Ndipo pofuna matabwa ndi nkhuni kampaniyo inabzala nkhalango za bulugama m'mapiri ozungulira. M'chaka cha 1938 unatsegulidwa pano msika wa fodya wa okushoni, kumene ogula ayenda m'mizere ya mabelo napikisana mitengo. Fodya wa ku Lilongwe ndi ku Dowa, wolimidwa ndi manja a anthu a m'midzi, anayenda ulendo wautali kudzagulitsidwa kuno, ndipo m'miyezi ya malonda pfungo lache linadzaza mudzi wonse.

Nyumba zimenezi zinadyetsa mabanja ambiri, ndipo sitiyenera kukana. Koma mlimi amene anadzuka usiku kusonkhezera moto m'chigafa analandira gawo laling'ono la phindu, ndipo dandaulo limeneli alimi a fodya akali nalo. Munthu woyang'ana makoma amenewa akumbukire onse awiri, womanga nyumbayo ndi wolima tsamba limene linalipira njerwa zache.

Pafupi pomwepo pali hotela yakale ya Shire Highlands, kumene anali kugona alendo otsika sitima. M'masiku a utsamunda munthu wakuda analowa m'nyumba zotere monga wophika kapena woperekera zakudya, osati monga mlendo. M'miseu ya pakati tinaona masitolo akale a Amwenye, a makonde otambalala, pamene atelala anali kukhala ndi makina ao. Ndipo agogo athu anagula pamenepo nsalu, mikanda, nyale ndi mapoto. Ena a masitolowo anagwetsedwa, napatsa malo nyumba zatsopano zosanja. Ena akali chiimire, utoto utasuluka.

NYUMBA YA MULUNGU

Dzuwa litapendeka tinafika ku tchalitchi chachikulu cha Limbe, choperekedwa kwa Amai athu Mariya pa dzina la Our Lady of Wisdom, ndiko kunena Amai a Nzeru. Apa mpamene pali mpando wa Ambuye Arkiepiskopi a ku Blantyre. Tinalowa, tinagwada, ndipo phokoso la mseu linatsala kunja.

Taonani m'mene Mulungu ayendetsera zinthu. Chaka chimene sitima yoyamba inafika, 1908, ndicho chaka chimene Papa anakweza chigawo cha Shire kuti chikhale ndi Episkopi wache, ndipo woyamba anali Ambuye Prézeau, mmodzi wa atatu aja. Iwo sanakhalitse, namwalira m'chaka cha 1909. Anawalowa m'malo Ambuye Louis Auneau m'chaka cha 1910, amene anaweta nkhosa za chigawo chino zaka pafupifupi 40. Masiku ao sanali opanda mabvuto. M'mwezi wa January 1915, pa nkhondo ya John Chilembwe, imene inabuka chifukwa cha zowawa za thangata ndi za kutengedwa kwa anthu kunka ku nkhondo ya Azungu, nyumba ya mishoni ku Nguludi inatenthedwa, ndipo wansembe mmodzi anabvulazidwa kwambiri. Koma nchito siinaime. Ansembe anaona kuti anthu a mitundu yonse alikusonkhana pa Limbe chifukwa cha njanji ndi fodya, nati, Kumene kuli nkhosa mbusa akhale komweko. Asisiteri a chipani cha Ana a Nzeru nawonso anatsegula sukulu pafupi ndi tchalitchi.

M'chaka cha 1959 Blantyre anakhala Arkidayosizi, ndipo m'chaka cha 1967 Ambuye James Chiona anakhala mwana woyamba wa dziko lino kukhala pa mpando umenewu. M'mwezi wa May 1989 Papa Yohane Paulo Wachiwiri, amene tsopano timchula Woyera, analowa m'tchalitchi chomwechi nalankhula ndi ansembe ndi asisiteri. Ndinamuuza mnyamatayo kuti, Pamene wagwadapa panagwada osula zitsulo a ku njanji, ndi amai osankha fodya, ndi Papa wa ku Roma. Ndipo pamaso pa Mulungu maondo ao onse anali ofanana.

MADZI SAIWALA KHWAWA

Tsono mverani chimene chionetsa kuti njanji siinali kanthu ka Azungu okha. M'chaka cha 1948 madzi osefukira anakokolola mlatho wa pa Chiromo. Chaka chotsatira, 1949, mvula inakana, ndipo njala yoopsa inagwa m'dziko, makamaka m'midzi yozungulira Blantyre. Boma linagula chimanga kunja, koma pofika pa Shire matumba anayenera kutsitsidwa, kuolotsedwa pa madzi, ndi kukwezedwanso m'ngolo zina. Pakuti mlatho watsopano unatha m'chaka cha 1950. Chakudya chinachedwa, ndipo anthu anadya mizu ndi zikhawo, ena nafa. Akulu amene anaona njala imeneyo akali kuichula ndi mantha. Pamenepo anthu anazindikira kuti zitsulo ziwiri zija zogona m'thengo ndizo mtsempha wa dziko.

Mabvuto ena anatsata. Nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira ya ku Beira m'zaka za m'ma 1980, ndipo mlatho wa Dona Ana unaonongedwa. M'chaka cha 1997 madzi anadulanso njanji kufupi ndi Chiromo. Katundu wambiri anasamukira pa malole, ndi pa njanji ya ku Nacala imene inatsegulidwa m'chaka cha 1970 kuchokera pa Nkaya. M'chaka cha 1999 Boma linapereka njanji m'manja mwa kampani yochedwa Central East African Railways. M'zaka zimenezo nchito inachepa pa Limbe, ndipo mabanja ambiri amene anadya za njanji kuyambira kwa agogo ao anabalalika. Mapiri amene kale anabvala mitengo anametedwa ndi nkhwangwa. Ndipo m'mwezi wa March 1923 palibe amene akadalota zimene tinaona patapita zaka 100, m'mwezi wa March 2023, pamene namondwe Freddy anagumula matope a phiri la Soche nakwirira nyumba ndi eni ache omwe.

ZIMENE TIYENERA KUCHITA

Kapena wina adzati, Nanga ife a kumudzi, nyumba zakale za m'tauni zitikhudza bwanji? Ndikuyankhani, abale. Njerwa za nyumba zimenezo zinaumbidwa ndi anthu a m'midzi yanu. Dothi la pansi pa njanji linasenzedwa ndi makolo anu. Nyumba yakale ikagwa popanda wina wodziwa mbiri yache, umboni wa thukuta lao wagwa nayo pamodzi, ndipo ana athu adzayesa kuti zonse zabwino za m'dziko muno zinachita kubwera zokhazokha kuchokera kunja. Mwana woganiza chomwecho apeputsa kwao, ndipo sachedwa kugulitsa munda wa makolo kuti apeze ndalama ya basi.

Chifukwa chache ndikupemphani zinthu zitatu. Choyamba, madzulo mutatha kupemphera Korona, funsani agogo amene akali moyo kuti, Kodi m'banja mwathu ndani anagwira nchito ku njanji, ku fodya, kapena ku mtengatenga? Ndani anapita ku Salisbury osabwerako? Mwana wodziwa kulemba alembe mainawo m'kope, ndipo kopelo lisungidwe pamodzi ndi makalata a Ubatizo. Mau a akulu akoma akagonera, koma mkulu akagona kumanda osafunsidwa, mau ache sadzukanso. Chachiwiri, m'mwezi wa November, pamene Eklezia apempherera mizimu ya akufa, chulani mainawo pa pemphero la m'banja, ndipo ngati mukhoza, perekani Misa chifukwa cha iwo. Ambiri a iwo anafera kutali, osaikidwa ndi abale ao. Chachitatu, samalani zakale zimene ziri kwanu komweko: katchalitchi koyamba ka pa mudzi, sukulu imene anamanga makolo, manda a aphunzitsi oyamba, mitengo ya pa phiri. Denga likadontha, lifolereni msanga. Ndipo mukaona munthu alikuzula zitsulo za njanji kuti akagulitse, mchenjezeni, pakuti lamulo lachisanu ndi chiwiri silipatula katundu wa anthu onse.

Pobwerera kunka kokwerera galimoto tinadzeranso pa siteshoni. Chiperoni chinali chitayamba kuwaza, ndipo mnyamata uja anaimanso pa kainjini kaja nthawi yaitali, manja ali m'thumba. Potsiriza anati, "Atsibweni, nanga agogo aja anakumba njanji, dzina lao anali yani?" Ndinamuuza dzinalo, pakuti mwa chifundo cha Mulungu agogo anga anandisiyira. Iye analichula kawiri kuti lisamthawe, ndipo titafika kumudzi analilemba pa tsamba loyamba la buku lache la mapemphero.

Mulungu adalitse mabanja anu onse, ndipo mizimu ya makolo athu amene anatopa ndi nchito za dziko lino iuse mu mtendere.